Lole ya Simenti pa Mtsetse

Panali munthu wina amene ankadyera ntchito yokoka magalimoto ofera pamsewu. Anali ndi bulekidauni imodzi, galimoto yakale ya mphuno yaitali, yokhala ndi matcheni ndi chitsulo chokokera kumbuyo kwake. Galimoto imeneyo ndiyo inali munda wake, ndiyonso inali khasu lake. Malata a padenga la nyumba yake anachokera mmenemo, ndipo ana ake ankapita kusukulu atavala nsapato chifukwa cha iyo. Ikagona kugalaji tsiku limodzi, pakhomo ponse pankadziwika.

Munthuyo ankakhala patsinde pa phiri lina, pamene msewu waukulu umatsika mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Phiri limenelo linkadya magalimoto. Okwera ankawiritsa injini, otsika ankapsereza mabuleki. Choncho ntchito sinkasowa, ndipo kwa zaka zambiri wokoka magalimoto kumeneko anali iye yekha. Dalaivala aliyense wodutsa njira imeneyo ankamudziwa.

Kenako mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, anabwerako ku Joni kumene anakagwira ntchito, ndipo nayenso anagula bulekidauni. Inali yatsopanoko, ya penti yoyera, yokhala ndi nyali yachikasu yozungulira padenga. Munthu uja anapita kukaiona. Anaizungulira, anagogoda tayala ndi nsapato, nati, “Mwachita chamuna, alamu.”

Pakamwa pankaseka, koma mumtima munali moto. Tsiku limenelo chakudya anangochitola pang'ono n'kusamba m'manja.

Tsono mvetsani bwino. Mlamuyo sanamulande kanthu. Phiri lija linali ndi magalimoto okwanira anthu awiri, ngakhale atatu, ndipo pakhomo pa munthu uja ndiwo sizinachepe. Koma nsanje siyang'ana za m'mbale yake, imayang'ana za m'mbale ya mnzake. Akamva bulekidauni yoyera ikudutsa ndi minibasi kumbuyo, ankasiya chimene akuchita n'kukaima pachipata, kuiperekeza ndi maso mpaka ikakhote. Tsiku limene iye wakoka zambiri ndipo mlamu wakoka imodzi yokha, imodzi yomweyo ndiyo inkamusowetsa tulo.

Dalaivala wina akanena kuti, “Alamu anu aja ali ndi dzanja labwino, sakanda bampala,” iye ankayankha kuti, “Penti imanyenga.” Mkazi wake akapita kukacheza kwa mlongo wakeyo, pobwera ankamulandira ndi funso lakuti, “Mwamwa tiyi wamkaka kwa anthu olemera?” Nayenso anagula nyali yachikasu, yaikulu kuposa ya mlamu, pamene matayala ake anali atasalala ngati chikhatho. Munthu wamkulu, wa imvi m'mutu, kupikisana ndi munthu amene sakudziwa n'komwe kuti pali mpikisano! Zinali zomvetsa chisoni, ndipo anthu ankamuseka akatembenuka.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi mwambo wawo. Woyamba kufika n'kukoleka tcheni chake pa galimoto yowonongeka ndiye mwini ntchito, ndipo wobwera pambuyo amangopereka moni. Palinso mwambo wa paphiri. Galimoto yolemera ikafera pamwamba, satsitsa munthu mmodzi. Wina amakoka kutsogolo, wina amakoleka kumbuyo n'kumagwira ndi mabuleki ake kuti katundu asathamange, chifukwa pa chitunda iwe ndiwe umakoka katundu, koma pa mtsetse katundu ndiye amakukankha. Munthu uja ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Ngakhale mlamu wakeyo anaphunzira mwambowu kwa iye yemwe.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, kondakitala wa minibasi yotsika kuphiri anamukuwira ali pachipata.

“Madala, pamwambapo pafera lole yodzaza simenti! Koma musavutike, akudikira alamu anu!”

Akanangoti pafera lole, mwina munthu uja akanayamba wamaliza tiyi wake. Koma mawu akuti akudikira alamu anu anamubaya. Anasiya kapu pakhonde, analiza galimoto, nakwera phiri ngati akuthamangitsidwa.

Pamwamba anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu pochenjeza magalimoto ena. Lole inali itaima pamene mtsetse umayambira, miyala ikuluikulu itatsamiritsidwa kumatayala. Dalaivala wake anali atakhala pamthunzi. Munthu uja sanapereke ndi moni womwe. Anatsika ndi tcheni m'manja, nachikoleka kutsogolo kwa lole, ndipo atatero m'pamene anapuma.

Dalaivala uja anadzuka. “Pepani bambo, ine ndaimbira a galimoto yoyera aja. Akuti ali m'njira.”

“Tcheni chili apachi ndi cha ndani?”

“Ndi chanu, bambo. Komatu injini yafiratu, ndipo mpweya wa mabuleki watha. Ikangoyamba kutsika, ine sindingathe kuigwira.”

Munthu uja anayang'ana lole ija. Matumba anali atasanjidwa mpaka pamwamba, ndipo matayala akumbuyo anali ataphwathalala ndi kulemera. Anayang'ana bulekidauni yake, ndipo inaoneka yaing'ono. Mtima unamuuza zoona nthawi yomweyo, pakuti munthu wodziwa ntchito sasowa womuuza. Komabe anagwada pansi n'kuyamba kumanga chitsulo chokokera.

Akumanga choncho, mlamu anatulukira, nyali ija ikuzungulira padenga. Anatsika, napereka moni mwaulemu. Ataona tcheni, sanatsutse.

“Mwayamba ndinu, alamu, ntchito ndi yanu,” anatero. “Ine ndingokoleka kumbuyo, ndikugwirireni mpaka kumunsi.”

Munthu uja sanadzutse mutu. M'maganizo mwake anali ataona kale mmene akalowere pamsika wa patsinde pa phiri: iye kutsogolo, lole pakati, galimoto yoyera kumbuyo, ndipo anthu a m'magolosale akulozerana kuti, taonani, madala aja akalamba, popanda mlamu wawo sakanatha. Zimenezo zinamuwawa kuposa kuopa phompho.

“Musanabwere inu kuchokera ku Joni kwanuko, ankatsitsa malole paphiri pano ndani?”

“Ndinu, alamu. Koma simunkatsitsa simenti yochuluka chonchi nokha. Munandiuza ndinu kuti yolemera satsitsa mmodzi.”

“Lero mwasanduka aphunzitsi anga?”

“Ayi, alamu. Malipiro akhale anu onse, dzina likhale lanu. Ine sindikufunapo kanthu. Ganizirani alongo anga ndi ana.”

Mawu abwino akagwera mumtima wa nsanje amasanduka chipongwe. Munthu uja anamva ngati mlamu akunena kuti, mkazi wako ndi ana ako ndikuwaganizira ndine. Anaimirira, napukuta manja pa ovololo.

“Chotsani galimoto yanuyo, ikunditchinga.”

Mlamu anaima kanthawi, manja ali m'chiuno. Mwambo unali womveka: tcheni sichinali chake, ndipo sakanakoleka popanda mwini ntchito kulola. Anayesanso kamodzi, munthu uja namufulatira. Ndiye mlamuyo anapita kwa dalaivala wa lole, amene anali kukwera kuti akagwire chiwongolero, namuuza chapansipansi kuti, “Achimwene, chitseko chanucho musatseke.”

Munthu uja anachotsa yekha miyala ya kumatayala, nakwera m'galimoto yake.

Pokhota poyamba zinayenda bwino. Anaika giya yotsika, injini ikung'ung'udza, lole ikutsatira mofatsa. Anamwetulira, nasuzumira pagalasi kuti aone ngati mlamu akuona. Mlamu anali kutsatira chapatali, pang'onopang'ono.

Pokhota pachiwiri anamva kanthu kakumukankha kumsana. Anaponda buleki. Galimoto inamvera pang'ono, kenako inayambanso kuthamanga. Injini inasiya kung'ung'udza, inayamba kukuwa. Fungo la mabuleki opserera linalowa pawindo. Anapondanso, ndipo phazi linangofika pansi ngati waponda phala.

Apo m'pamene anadziwa kuti woyendetsa salinso iye. Simenti ndiyo inali kuyendetsa. Miyala ya m'mbali mwa msewu inkadutsa mofulumira, ndipo kutsogolo kunali pokhota pakuthwa, pamene phompho lili pafupi ndi phula. Anasuzumiranso pagalasi. Nyali yachikasu inali kumbuyo komweko, pafupi ndithu, koma panalibe tcheni pakati pawo.

Anapotoza chiwongolero kulunjika kuthanthwe. Dalaivala wa lole anadumphira kunja pachitseko chosatseka chija, nagubuduka m'maudzu. Bulekidauni inagunda thanthwe, ndipo lole inabwera pambuyo n'kuifinyira pomwepo. Fumbi la simenti linakwera m'mwamba, phiri lonse n'kuchita mbuu.

Anatsitsimuka ali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, chifuwa chitakulungidwa mabandeji. Mkazi wake anali atakhala pambali pa bedi, maso atatupa ndi kulira.

“Mwadzuka, bambo a ana? Mulungu ndi wamkulu,” anatero mkaziyo. “Dalaivala uja ali moyo, wangosupuka.”

Munthu uja anangoyang'ana kudenga.

“Galimoto yathu ndiye yatheratu. Amakaniko akuti palibe chokonza, zangotsala zitsulo zogulitsa pasikelo. Sindikudziwa kuti ana tiwadyetsa chiyani.”

Mkaziyo anapitiriza.

“Anakutulutsanimo ndi achimwene anga, alamu anu aja. Chiwongolero chinali chitakupanani, ndiye anakoleka tcheni chawo n'kuchikoka mpaka munamasuka. Manja awo onse ndi mabala okhaokha. Anakunyamulani okha kudzakusiyani kuno.”

Munthu uja anayesa kulankhula. Milomo yake inayamba kugwedera. Mkazi anasendera pafupi, poganiza kuti mwamuna wake akufuna kuthokoza, kapena kupepesa, kapena kufunsa za ana. Anatchera khutu.

“Nanga lole ija,” anatero munthu uja ndi mawu otsika, “wakoka ndani?”

Mkazi anamuyang'ana ngati munthu wachilendo. “Achimwene,” anayankha. “Akanakoka ndani wina?”

Pamenepo munthu uja anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira. Za mwendo sanalire, za galimoto imene inkadyetsa ana ake sanalire. Analira chifukwa lole inakokedwa ndi mlamu.

Inu amene mukundimva, musafulumire kumuseka munthu ameneyu. Sanali waulesi, sanali wakuba, ndipo ntchito yake ankaidziwa. Chinamupweteka n'chakuti mtima wake unasamuka pakhomo pake n'kukakhala pakhomo pa mlamu. Tsono aliyense adzifunse yekha. Chimene mwakakamiracho, kodi mukuchifunadi, kapena mukungofuna kuti mnzanu asachipeze? Nanga uja anabwera kuti akuthandizeni, munamubweza chifukwa simukusowa thandizo, kapena chifukwa thandizolo likuchokera kwa iye?

Mwendo uja madokotala anaulumikiza. Koma chimene chinamuliritsa munthu uja, kuchipatala kulibe mankhwala ake. Chimenecho muzule nokha chikadali chanthete, chifukwa chikakhwima, ngakhale amene wakupulumutsani mudzamuona ngati wakulandani.