Ndevu za Wometa

M'shopu ya wometa tsitsi, Lamulungu masana makasitomala akatha, ankatembenuza kabokosi kukhala tebulo n'kuyamba poka, juga ya makadi. Ankabetcha zotsekera mabotolo basi, koma mmene ankakanganira mukadati akulimbirana nyumba.

Wometayo anali ndi ndevu zakezake. Ankazipesa kuposa za makasitomala, n'kumazipaka mafuta onunkhira, poti Loweruka linali tsiku la ukwati wa mwana wake ndipo ankafuna zikaoneke pa chithunzi. Wosewera naye anali mlamu wake, telala wamantha, amene ankaimba likhweru masewera onse n'kumataya makadi pansi mnzake akangokhosomola.

Lamulungu loyandikira ukwatiwo, wometa anatola makadi ake: makingi atatu ndi makwini awiri! Anakankhira zotsekera zingapo pakati. Telala anaonjezera. Iye anaonjezeranso, telala osagwedezeka. Likhweru lija linali litazima, m'shopu muli zii.

Mkazi wa wometa, yemwe ankasesa tsitsi pansi, anaimika tsache.

"Abambo, tayani makadiwo. Achimwene ndakula nawo ine. Akamaimba likhweru ndiye kuti ali ndi mantha, akakhala chete thawani."

Wometa anaseka mpaka ndevu kugwedera. Anati iye sanabadwe dzulo, makadi otere munthu amawagwira kamodzi pa chaka, ndiye awataye chifukwa cha likhweru? Kunena zoona, ndani sakadakopeka? Koma makadi abwino amagonthetsa makutu. Zotsekera zitamuthera, m'malo motuluka mwaulemu, anagwira chibwano.

"Ndaikapo ndevu izi, alamu. Inu muikapo chiyani?"

Telala anayankha motsitsa kuti akaluza asoka suti ya ukwati ulere. Munthu woumira amene ankasunga ngakhale tizidutswa ta ulusi, lero kubetcha suti! Apa ngakhale mwana akadanunkhiza kuti pali kanthu. Mkazi uja anangopukusa mutu n'kupitiriza kusesa.

Wometa anaponya makingi ake pa bokosi mwamatama. Telala anayala ake limodzilimodzi ngati akuyala nsalu yodula: mafayifi anayi. Timakadi tonyozeka, koma tikakumana tonse tinayi timagwetsa makingi ndi akazi awo omwe.

Anamukhazika wometa pa mpando wake womwe, n'kumumanga nsalu yake yomwe m'khosi. Telala, amene anali asanagwirepo makina ometera chibadwire, anayamba pakati penipeni, ndipo likhweru linabwerera. Wometa anaona pa galasi ndevu zake zikugwera pa tsache la mkazi wake, misozi ili lengelenge.

Loweruka, mwana wake atamuona pakhomo la tchalitchi anayamba wamupatsa moni ngati mlendo. Chithunzicho chilipobe pa khoma la shopu, chibwano chili mbee ngati dzira losenda. Makasitomala akafunsa, mkazi wake ndiye amayankha: mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo.