Wotchi Yomwe Inalankhula Kumanda

Pa kampani ina yaikulu ya zipangizo zamakono ku Pangyo panali lamulo limene mwini wake woyamba anasiya popuma pa ntchito. Gulu lililonse lopanga chinthu chatsopano linkalandira mlendo wochokera ku nthambi ina, kaya kolongedza katundu kaya koyankha matelefoni, n'kukhala naye miyezi itatu. Pa msonkhano wa Lolemba mlendoyo ndiye ankayamba kulankhula, ndipo mkulu wa gulu ankayenera kulemba mawu ake onse mu lipoti. Zinthu zambiri zimene zinatchukitsa kampaniyo zinabadwira pa mpando umenewo.

A Byun Tae-sik ankatsatira lamuloli ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa. Anali katswiri, ndipo ankadziwa kuti ndi katswiri, amene ndi matenda ovuta kuchiza. Gulu lawo linali kumalizitsa wotchi ya okalamba: munthu akagwa, wotchiyo imamufunsa ngati ali bwino, akapanda kudina batani imaitana ambulansi n'kuimbiranso ana ake. Akuluakulu anali atawauza poyera kuti wotchiyo ikayenda bwino, udindo woyang'anira kafukufuku yense ukhala wawo. Udindowo anali ataudikirira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mlendo amene anawagwera anali Mayi Ok Mal-sun, ochokera kokonzera zipangizo zowonongeka ku Busan, kumene anakhala theka la moyo wawo akumva madandaulo a nkhalamba. Lolemba loyamba anawaonetsa kanema wa mayeso. Akatswiri achinyamata ankadzigwetsa pa matiresi, chagada, chammbali, chafufumimba, maulendo zikwi zitatu.

"Kugwa akukutha anawa," anatero Mayi Ok. "Koma wotchiyi imadziwa bwanji kuti munthu wagwa?"

"Dzanja likatsika mwadzidzidzi kenako n'kukhala osagwedezeka," anayankha a Byun, maso ali pa foni.

"Nanga nkhalamba ikamagwadira makolo? Mawondo ake sapinda pang'onopang'ono ngati a anawa, bwana. Imangoti khu, manja pansi, chipumi pamanja, n'kukhala pomwepo ikudandaulira akufa. Apongozi anga amatha mphindi ziwiri. Ndani angasiye kugwada kuti ayankhe wotchi? Ndipo Chuseok, chikondwerero chogwadira makolo kumanda, yatsala miyezi iwiri."

Wina kumapeto kwa tebulo anafunsa ngati ayitane mizimu yomwe kuti idzathandize pa mayeso, ndipo chipinda chinaseka. A Byun anadikira kuti phwete lithe.

"Mayi, kuno si kokonza mapoto ophikira mpunga. Tamva."

Sabata yotsatira mayiwo anapemphanso masiku awiri okha, kuti akayese wotchiyo pa nkhalamba zenizeni za ku holo ya okalamba. A Byun anakana. Wotchi inkayenera kufika m'masitolo chikondwerero chisanafike, nthawi imene ana amasakira makolo awo mphatso. Mu lipoti, pa mzere wa mawu a mlendo, analemba kuti mlendo analibe ndemanga.

Wotchi inagulidwa ngati mchere. A Byun nawonso anatengera bambo awo imodzi, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ya ku Andong, n'kuwaveka okha pa mkono.

M'mawa wa Chuseok banja lonse linakwera phiri kupita kumanda a makolo. Anayala mapeyala, makeke a mpunga ndi kapu ya mowa patsogolo pa manda a agogo. Bambo a Byun, monga mkulu wa banja, anayamba kugwada. Mawondo anagunda pansi, chipumi chinafika pamanja. Kenako mawu a mkazi anatuluka pa mkono wa nkhalambayo.

"Kodi mwagwa? Kodi mwagwa?"

Mkuluyo sanagwedezeke, chifukwa munthu sadula mwambo pakati. Foni ya a Byun inalira m'thumba, ndipo uthenga unali wakuti bambo anu agwa. Cha kumtunda, pamanda a banja lina, mawu omwewo anayamba kufunsa funso lomwelo, kenako cha kumunsi. Posakhalitsa kulira kwa ambulansi kunamveka m'chigwa.

Nkhalambayo inadzuka pa nthawi yake, inasasa udzu pa mawondo, n'kuyang'ana mwana wake.

"Iwe Tae-sik, zaka makumi anayi ndakhala ndikugwadira agogo ako pano. Lero ndi pamene andifunsa ngati ndagwa." Inavula wotchiyo n'kuyiika m'dzanja la mwanayo. "Tenga mkazi wakoyu, andisiye ndimalize."

A Byun anachita manyazi amene sanawamvepo pa msonkhano uliwonse. Tsiku limenelo ma ambulansi anathamangira m'mapiri a dziko lonse kukapeza nkhalamba zathanzi zikudya mapeyala.

Tchuthi chitatha, mkulu wa kampani, Mayi Pyo, anawaitana. Lipoti lija linali pa tebulo.

"A Byun, mukudziwa kuti pano sitilanga munthu chifukwa cholephera. Tili ndi chipinda chodzaza zinthu zolephera, ndipo timachionetsa kwa alendo monyadira. Koma apa mwalemba kuti mlendo analibe ndemanga. Anthu asanu ndi atatu amene anali nanu akukumbukira zosiyana."

Udindo uja unapita kwa wina. Wotchi anaikonza m'masabata atatu, ataiyesa pa nkhalamba za ku holo ija, ndipo woyang'anira mayesowo anali Mayi Ok. A Byun sanachotsedwe ntchito. Anangouzidwa kuti nthawi yawo yokakhala mlendo yakwana, ndipo nthambi yake inali ya ku Busan.

Lolemba loyamba anakhala pa mpando wa pulasitiki, pakati pa mapoto a mpunga odikira kukonzedwa. Mayi Ok, amene anali atabwerera kwawo, anatsegula kope n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera.

"Takulandirani, bwana. Lamulo mukulidziwa, inu ndi amene muyambe. Musaope, kuno timalemba zonse."

Anthu a pa kampanipo amaikambabe nkhaniyi akamalandira munthu watsopano, ndipo amene amaseka kwambiri ndi omwe aja anaseka tsiku loyamba. Akulu anaziona kale izi pamene ananena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.