Bondo Lozizira

M'chipinda cha mafizo muli zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda. Amene amaima pambali pake m'mawa uliwonse ndi bambo wotsimphina pang'ono, yemwe odwala amamutchulabe Mphenzi. Dzinali analitenga kubwalo la mpira, masiku amene ankamwetsa zigoli ngati wapangana ndi goloboyi.

Timu yake inali ndi dokotala wa mafizo wachikulire, wosachulutsa gaga m'diwa, amene osewera ankangowatchula kuti Madala. Iwo ankayeza bondo ndi kuseri kwa dzanja: likatentha, munthu sasewera. Kutatsala tsiku limodzi kuti kukhale fainolo, bondo la Mphenzi linali moto. Anadzitsekera m'bafa, nalikulunga ayezi ola lathunthu, kenako anapita kukayezetsa akuimba mluzu.

Madala anagwira bondolo, namuyang'ana m'maso. "Mwana wanga, bondo la munthu wamoyo silizizira chonchi. Ukhale pansi masabata asanu ndi limodzi."

"Mwakalamba inu, manja anu ayamba kunama," anatero Mphenzi pamaso pa anzake onse, nakauza kochi kuti ali bwinobwino.

Anasewera mphindi makumi awiri zokha. Potembenuka ndi mpira bondo linangoti thyo, ndipo za mpira zinathera pomwepo. Masapota anapeza dzina lina loti aziimba. Amene ankafika kunyumba tsiku ndi tsiku anali Madala omwe aja, kumupinda mwendo, kumuwerengera mpaka khumi, ndipo pomaliza anamukankhira kusukulu ya mafizo. Za chipongwe chija sanazitchulepo. Nayenso Mphenzi manyazi anamumanga pakamwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo zinkamudya mumtima.

Lolemba lina, mwana wamkazi wa Madala anawalowetsa m'chipindamo pa njinga ya odwala. Sitiroko inali itawapha mbali yakumanja. Atangoona zitsulo zija, anayamba kulimbana kuti adzuke.

"Ndigwire, ndiyende lero lomwe. Sindifuna mwana wangayu azindinyamula ngati thumba."

"Lero ayi, bambo. Mukagwa muthyoka chiuno. Tiyamba ndi zala."

"Iwe ukundiletsa ine?"

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero Mphenzi, misozi italengeza. Anagwada movutikira, natenga dzanja lofooka lija, naliika pa chipsera cha bondo lake. "Manja awa sananame tsiku lija. Wonama ndinali ine. Mundikhululukire."

Madala anaseka ndi theka la pakamwa. "Ayezi yense uja unawononga, iwe. Chabwino, yamba ndi zalazo."

Anamvera, ngakhale kung'ung'udza sikunathe ndi tsiku limodzi lomwe. Sabata lachisanu ndi chiwiri anagwira zitsulo zija nayenda mapazi khumi, Mphenzi akuwerenga pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, mwana wawo akulira pakhomo. Wina anazindikira bondo litapita kale, wina miyendo ikadali ndi mwayi, koma onse awiri anavomereza kuti wakutsina khutu ndi mnansi.