Tsiku Limene Denga Linagwira a Zefaniya

"Ehe-e-em! Abale ndi alongo, khomo la kumwamba ndi lopapatiza! Lo-pa-pa-ti-za!"

Kwii, kwii, kwii. Imeneyo ndi nsapato. Chifuwa patsogolo ngati tambala, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, mwendo wakumanzere kuuponya kaye kumbali ngati ukukana ulendo, kenaka kuubweza. Kwii, kwii. Mukundiona panopa, adzukulu anga, ndaimirira pakati pa nyumba ndikuyenda choncho, ndipo mayi a kunyumba kuno akuti ndikhale pansi ndisanathyole msana. Koma ndi mmene ankayendera a Zefaniya Chimtengo, mkulu wa mpingo wathu wa ku Kamtedza, masiku amene ine Tadeyo ndinali ndi mano onse m'kamwa.

Nsapatozo anabwera nazo kuchokera ku Halale, ndipo m'mudzi monse zinali zokhazo. Zikalira kuseri kwa chulu, nkhuku zinkasiya kutola, agalu ankayamba kulapa machimo awo.

Abusa ankatiyendera kamodzi pa miyezi inayi, pa njinga, mtsinje ukalola. Masiku ena onse mpingo unali m'manja mwa a Zefaniya. Ndisawanamizire, munthu uja ankakonda Mulungu. Sanathyolepo ngakhale mzimbe wa mwini, ndipo akayamba pemphero mbuzi inkatha kubereka mwana mpaka kumuletsa kuyamwa iwo asanafike pa ameni. Vuto lawo linali limodzi. Ankakhulupirira kuti Mulungu anawalemba ntchito ya ulonda pa khomo la Ufumu wake.

Chaka chimenecho tchalitchi chathu chakale chinadyedwa ndi chiswe mpaka kugwada. Titangokolola, tinaumba zidina mudzi wonse, amayi kutunga madzi, ife kuponda dothi, nyimbo pakamwa. Tinamanga makoma ozungulira, aakulu ngati nkhokwe ya chimphona. Inu a masiku ano simuzidziwa zidina. Ndi njerwa zosaotcha, zouma ndi dzuwa lokha. Zili ndi denga zimakhala mpaka zidzukulu, koma mvula ikazipeza pamtetete zimasanduka phala. Ndiye aliyense ankadziwa kuti denga liyenera kukwera mvula yoyamba isanagwe, apo ayi thukuta lathu lonse lipita ndi madzi.

Denga la nyumba yozungulira sitinkalimangira pamwamba ayi. Tinkalilukira pansi, nsungwi ndi luzi, likatha anthu ankalizungulira, aliyense nkhata pamutu, n'kulisenza pamodzi kukalikhazika pa makoma. Udzu tinkafolera lili pamwamba. Tsiku losenza denga linali chikondwerero. Ha, masiku amenewo!

Tsono pamene tinkadikira kuti nsungwi zidulidwe, tinkapemphera m'makoma opanda denga aja. Apo m'pamene a Zefaniya anaona kuti nyumba yatsopano ikufuna anthu atsopano, oyera mbee ngati ufa wa pa mphale. Anayamba kudula. Wodulidwa sankaloledwa kulowa m'kati. Ankakhala panja, pansi pa mtengo wa mbawa, kumvera ulaliki kudzera pa zenera.

Oyamba anali a Yotamu, chimunthu chachitali chokhala ndi mapewa ngati goli la ng'ombe. Pakati pa pemphero anayetsemula, etsiii! Kachitini ka fodya wa m'mphuno kanalumpha m'thumba, n'kugubuduka ngwe-ngwe-ngwe mpaka kukagogoda nsapato ya mkulu.

"A Yotamu," anatero a Zefaniya, "mphuno imene Mulungu anauziramo mpweya, inu mwaisandutsa chigafa?"

"Ndi wa chimfine, akulu."

"Ku mbawa!"

Achiwiri anali a Nasibeko, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa ngati chikwakwa. Anaphika thobwa la anthu odzawathandiza kumunda, thobwalo n'kugona masiku atatu, n'kuyamba kuyankhula lokha mu mtsuko.

"Uwu ndi mowa, mayi!"

"Ndi thobwa lokalamba, akulu. Nanga inu mukakalamba mudzasanduka munthu wina?"

"Ku mbawa!"

Ine ananditsatiza sabata yachitatu. Ndinali kuseri kwa khoma kuonetsa anzanga mayendedwe omwe ndakuonetsani aja, pakamwa ndikuliza kwii, kwii. Ndinadabwa kuti anzanga asiya kuseka, komanso kuti kwii wina akuyankha kumbuyo kwanga. Sindinadikire n'komwe chigamulo. Ndinangopita ndekha ku mbawa.

Wina anadulidwa chifukwa chogwedeza phewa pa ukwati ng'oma ikulira. Wina chifukwa chowodzera. Wina chifukwa mbuzi yake inalira pa Sabata mopanda ulemu. Pofika mwezi wotentha, m'tchalitchi munatsala anthu awiri: a Zefaniya pa guwa, ndi akazi awo a Nangondo pa benchi. Iwo ankalalikirabe kuti "abale ndi alongo", a Nangondo n'kumacheuka kufuna abalewo.

Ku mbawa ndiye kunadzaza. Tinkaimba nyimbo zomwezo za m'kati, koma ife zinkatuluka ndi mafuta. Tikamaliza tinkafunsana kuti wadwala ndani, wasowa mbewu ndani, n'kugawana kopita. Palibe anatiuza kuti tizitero. Tinangoona kuti poti tonse ndife otayidwa, tizitolana tokha.

A Zefaniya anadula nsungwi okha, nafulula luzi okha, naluka denga okha. Luso analinalo, musawanyoze. Denga lija linali lokongola moti mbalame zinkaima m'mlengalenga kuliyamikira. A Yotamu anapita ndi chipewa m'manja.

"Akulu, mitambo yayamba kusonkhana. Tiuzeni tsiku, tidzasenze."

"Manja a fodya asakhudze denga la Mulungu."

"Nanga musenza ndi yani?"

"Amene anagawa nyanja adzandipatsa mphamvu. Ehe-e-em!"

Loweruka lina dzuwa lili pamutu, ife a ku mbawa tinali kulima mizere m'munda wa mkulu wina amene anagona ndi nthenda ya miyendo. Kumadzulo kwa phiri kunada bii, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Tinangoona a Nangondo akuthamanga, chitenje m'manja, mayi amene sitinawaonepo akufulumira ngakhale nyumba ikupsa.

"A Yotamu! A Nasibeko! Anthuni, bwerani! Denga lawagwira abambo!"

Zimene zinachitika ndi izi. A Zefaniya ataona mitambo, anatenga mphanda, natukula mbali imodzi ya denga, nachirikiza. Anapinda nkhata, naiika pamutu, nakwawira kunsi. Anati akadzuka nalo mbali iyi, mbali inayo ichita manyazi idzuka yokha. Atangoti hii, mphanda inatereka. Denga lonse pansi khu! Iwo m'kati, mwendo umodzi utapanikizika kunsi kwa mkombero.

Titafika tinawapeza ali chagada, akutiyang'ana kudzera m'mipata ya nsungwi ngati nkhuku yopita ku msika. Panja panangotuluka phazi limodzi ndi nsapato yake, ili zii, kwii yense atathawa.

A Yotamu anagogoda pa nsungwi. "Odi kuno! Eni nyumba alipo?"

"Chokani!"

A Nasibeko anawerama, nasuzumira. "Akulu, khomo lopapatiza munkanena lija ndi limeneli? Mwalowa bwanji ndi mimba yonseyi?"

Tinaseka, adzukulu anga, ine mpaka kugwira pansi. Mulungu atikhululukire, tinaseka.

"Musakhudze!" anakuwa a Zefaniya. "Nonsenu ndinu odulidwa! Nangondo, ndinati usaitane anthu awa!"

"Ndikanaitana yani, bambo? Oyera a m'mudzi muno ndinu nokha, ndipo muli pansi pa denga."

Kumwamba kunagunda. A Nasibeko anasiya kuseka. Anagwada, namasula chingwe cha nsapato ija, naona kuti phazi latupa ndipo layamba kuda.

"Nthabwala zatha," anatero. "Mwendo uwu ukufa. Amuna inu, zungulirani."

"Ndati manja anu..."

"Manja athu ndi akuda, akulu, tavomera. Mukatidule kawiri mawa. Lero tikuchotsani."

Nkhata panalibe nthawi yopinda bwino. Wina anavula malaya, wina anazula udzu, amayi anamasula mipango. Tinazungulira denga lija anthu makumi atatu, wa fodya, wa thobwa, wowodzera, wogwedeza phewa, mwini mbuzi yopanda ulemu, ndi ine wa kwii. A Yotamu anatsogolera ndi liwu lawo la ng'ombe yamphongo.

"Gwirani! Tiyeni nalo! Hiii-ya!"

Denga linadzuka ngati tsamba. A Nangondo ndi a Nasibeko anawakoka a Zefaniya m'khwapa, nawakhazika pansi pa mbawa, pamalo penipeni pamene ine ndinkakhala. Ife denga lili pamutu tinaima, tikudikira.

"Akulu," anatero a Yotamu, thukuta lili chuchuchu, "tilibweze pansi, kapena tipite nalo? Nenani msanga, makosi akutha."

A Zefaniya anayang'ana makoma, nayang'ana mitambo. Anayankha ndi a Nangondo, mayi amene zaka zonse tinkati alibe lilime.

"Bambo, inu nomwe munatiphunzitsa za mwini munda uja. Antchito ake atafuna kuzula namsongole, iye anawaletsa, kuopa kuti angazule ndi mbewu yomwe. Anati adzasankha yekha pokolola. Inu mwazula munda wonse, mwatsala ndi mizere. Pitani nalo, a Yotamu."

Tinapita nalo. Amene anali kutsogolo anakwera pa migolo, ena anakankha ndi mphanda, mfuu ili ponseponse, "Kwezani uko! Tadeyo, siya kuyankhula, kweza!" mpaka denga linakhala pa makoma, khaa, ngati chipewa pamutu pa mkwati.

Koma denga lopanda udzu ndi lichero, mvula imangodutsa. Udzu umene a Zefaniya anamweta okha sukanafolera ngakhale khola la nkhunda. Tinayang'anana. A Nasibeko anangonyamuka. Posakhalitsa tinawaona akubwera ndi mtolo pamutu, udzu umene anasungira nyumba yawo yomwe inkadontha ngati dengu. Amayi ena ataona anabalalika, aliyense kukatenga wake. Ife amuna tinakwera pamwamba, mitolo ikuuluka kuchokera pansi, luzi pakamwa, nyimbo osaleka. Ndikukuuzani, tinafolera mofulumira moti udzu wina unafika pamwamba usanadziwe kuti wachoka kwawo.

Dontho loyamba linandimenya pamphuno ndikumanga nsonga. Tinatsika, tinathamangira m'kati tonse. Mvula inagwa ya chaka, yokokolola ndi miyala yomwe. Makoma anaima, ouma gwa.

Titapuma tinazindikira kuti tonse odulidwa tili m'tchalitchi popanda chilolezo, ndipo mkulu wa mpingo ali yekha panja, pansi pa mbawa, akuvumbwa. Sanathe kuyenda, komanso sanaitane. A Yotamu anatuluka, nawanyamula ngati mwana, nadzawakhazika pa benchi ya kutsogolo. A Nasibeko anang'amba mpango wawo, nayamba kumanga phazi lija.

A Zefaniya anakhala nthawi yaitali akuyang'ana m'mwamba, nsungwi zawo ndi udzu wathu. Kenaka anati chapansipansi, opanda ehe-em, "Mutu umodzi susenza denga."

Mwambi umene mumaumva uja unabadwira pamenepo. Aphunzitsi anu akuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Asiyeni, iwo anawerenga, koma ine ndinalipo. Tanthauzo lake ndi lakuti pali katundu wina amene sanapangidwire munthu mmodzi, ngakhale akhale waluso kapena wolungama chotani. Mpingo ndi katundu wotero. Mulungu sanauike pansi pano kuti ukhale bwalo loonetsera anthu oyera. Anauika kuti anthu opunduka mitima anyamulane, wina akagwa ena amudzutse, wodwala amulimire, mpaka onse akafike kwa Mfumu. Kulangiza wolakwa n'kwabwino, a Yotamu fodya uja anadzasiya ndithu patapita zaka khumi ndi zisanu. Koma ukataya aliyense wokhala ndi banga, tsiku la mitambo udzapeza kuti wataya mitu yosenzera.

Lero ku Kamtedza kuli tchalitchi cha malata, zokuzira mawu zili pakona iliyonse. Mbawa ija anaidula, panatsala chitsa. Ndikadutsapo ndimakhala pang'ono, ndipo ndimawamva onse aja, a Yotamu, a Nasibeko, a Nangondo. Onse anatsogola. Ndimayesa kuliza kwii, kwii, koma popanda mano sizituluka bwino.

Tsiku lija mvula ili pakati, a Nasibeko sanawasiye a Zefaniya ndi mwambi wokha. Anamaliza kumanga phazi, naimirira, manja m'chiuno.

"Mwati chiyani, akulu? Mvula ikusokosa, a kumbuyo sanamve. Ndipo mutiuze, ikakata tibwerere ku mbawa?"

A Zefaniya anagwira phewa la a Yotamu, naimirira ndi mwendo umodzi, nsapato imodzi kuphazi, inayo m'manja mwa akazi awo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. Atafika pa ine ndinabisa nkhope, koma iwo anangopukusa mutu, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula.

"Musabwerere," anatero mokweza. "Ndinalakwa, abale anga. Khomo si langa, nyumba si yanga. Ndinatsekera ana a Mwini wake panja, ndipo miyezi yonseyi mpingo unali pansi pa mtengo uja. Wodulidwa ndinali ine."