Mango a kuseri kwa koleji

Panali munthu wina amene anamuika kukhala mkulu wa koleji yosula aphunzitsi. Kolejiyo inali yosauka. Inalibe chipinda ngakhale chimodzi choti ophunzira onse n'kukwanamo. Misonkhano ankachitira pabwalo, mvula ikagwa aliyense n'kuthawira kwake. Zimenezi zinkamuchititsa manyazi mkuluyo, makamaka kukabwera alendo.

Chaka china kunafika mwini magolosale wina wa m'tauni, munthu wopatsa koma wosakonda kudikira. Iye anati, "Aphunzitsi, simenti ndi malata ndikupatsani kuti mumange holo yaikulu. Inu mungopeza njerwa. Koma mvula ikakupezani musanawotche, katunduyu ndikapereka kwina."

Njerwa anaumba, zinauma. Unali mwezi wa Okutobala. Chinatsala ndi nkhuni zowotchera uvuni, koma mapiri a kumeneko anthu anali atawameta kalekale.

Kapitawo wa ntchitoyo anati, "Bwana, nkhuni mukuzifuniranji kutali? Kuseri kwa nyumba zogona ophunzira kuli mitengo ya mango makumi atatu. Ntchito yake n'kuitana ntchentche basi."

Mkuluyo anavomera. Mitengo ija anaipaka njereza, odula n'kuwauza kuti abwere Lolemba.

Pakolejipo panali mayi wina wosesa, dzina lake Nankhoma. Lachisanu m'mawa anaima pakhomo la ofesi, tsache lili m'manja.

"Bwana, njereza ili m'mitengo muja ndi yothamangitsira chiswe?"

"Ayi mayi, tikudula. Mupumulako kusesa masamba."

"Masamba sanditopetsa ine. Zimandilemera ndi njere za mango. Masabata apitawa ndinkatola zongokwana m'manja. Pano ndikutaya madengu awiri pa tsiku. Kodi inu mumati ana anuwa masana amadya chiyani?"

"Si kuli kantini?"

"Kantini iliko, bwana. Mukaone amene amalowamo."

Masana omwewo mkuluyo anapita. M'kantini anapezamo anthu owerengeka. Kuseri kuja ndiye kunali khamu, aliyense buku lili pamiyendo, ngati anthu ongofuna mthunzi. Anakhala pansi pafupi ndi mtsikana wina wa chaka chomaliza, dzina lake Tionenji. Pambali pa mtsikanayo panali kapepala ka mchere ndi kampeni.

"Mwana wanga, wadya?"

"Ndadya, aphunzitsi."

"Wadya chiyani?"

Mtsikanayo analoza m'mwamba ndi cholembera, n'kuseka mwamanyazi. "Hotela yathu ndi imeneyi. Ndalama ya kunyumba imatha mwezi woyamba. Kuchokera pamenepo mpaka mayeso a Disembala, timadalira iyi. Aawisi timadyera mchere, ena timaphika."

"Nanga tikadula?"

"Ndibwerera kumudzi, ndikathandize amayi kulima. Munthu sungalembe mayeso m'maso mukuchita mdima."

Sanalire, sanapemphe kanthu. Anangobwezera maso pabuku lake.

Lolemba odula anabwera, nkhwangwa zili paphewa. Mkuluyo anawapatsa ya ulendo n'kuwabweza. Kenako anakwera basi kupita kwa mwini magolosale uja, n'kumufotokozera zonse mosabisa.

"Njerwa sindiwotcha," anatero. "Mukandilola, simenti yomweyo tiumbireko mabuloko. Holo ichepa ndi theka. Mukakana, katundu ndi wanu, sindikusungirani chakukhosi."

Mwini magolosaleyo anakwinya nkhope. "Ndiye dzina langa mukalilembe pa kakhola ka mbuzi?"

"Kakhola kokhala ndi mbuzi zake, bambo."

Munthu uja anapukusa mutu. Pomaliza anati, "Chitani. Koma sindiwonjezera thumba ngakhale limodzi."

Anamanga holo yaing'ono. Njerwa zosawotcha zija sanataye. Anamangira khitchini yofolera ndi udzu, kuti wophunzira amene wabwera ndi kaufa ndi nyemba kuchokera kwawo azikhala ndi pophikira. Anthu anaseka. Kapitawo ankauza anzake kumsika kuti bwana wake wasinthanitsa holo ndi ntchentche. Akuluakulu a makoleji ena akabwera ankayang'ana kanyumbako n'kufunsa kuti holo yeniyeniyo idzayamba liti.

Linafika tsiku lopereka masatifiketi. Zaka zam'mbuyo, pa ophunzira khumi oyamba pamodzi, atatu kapena anayi ankathera panjira, ndipo mayina awo ankangowadumpha. Chaka chimenecho, chifukwa cha mango aja ndi khitchini ija, kalasi ya Tionenji inalipo yonse. Aliyense anabwera ndi makolo, azakhali, amalume, ena mpaka ndi agogo awo. Holo inadzaza mwambo usanayambe. Anthu anaunjikana m'mawindo, ena anakwera pa njinga zawo kuti aoneko, nthungululu zikumveka kunja kuposa m'kati.

Mwini magolosale anachita kudzipanikiza kuti afike kutsogolo, thukuta lili kamukamu. Atakhala pansi anapendekera kwa mkulu uja.

"Aphunzitsi, holo yanuyi yachepa."

"Yachepadi, bambo."

"Khoma lakumbuyoli analimanga moti likhoza kugumulidwa?"

"Likhoza."

"Mvula ikatha mubwere kusitolo."

Tsono inu bambo a Sungeni, mwana wanga, ndamva kuti akusankhani kukhala m'komiti yoona za chitukuko ku koleji kwanuko. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, za mapulani a nyumba sindizidziwa. Koma ana asanu ndi awiri ndinawapititsa ku sukulu ndi manja anga awa, ndipo mpaka lero ndikhoza kukuuzani mwezi umene aliyense wa inu ankalemba kalata yolira njala. Yanu inkabwera msanga kuposa za abale anu onse.

Sindikuti musamange. Mangani ndithu, mwana wa sukulu saphunzirira pamvula. Koma akakubweretserani pepala la nyumba yatsopano, musathamangire kusayina. Yambani mwafunsa kuti nkhuni zake zichokera kuti, ndipo ndani ankadya pamenepo. Oti akuyankheni zoona simuwapeza m'komitimo, mutuluke panja masana. Khoma mukhoza kuliwonjezera chaka chamawa. Koma mwana amene wamanga katundu wake n'kubwerera kwawo, kawirikawiri sabweranso.