Mulu wa Miyala wa Kanthungo

Panali munthu wina wamkulu kalekale, nthawi imene makasu ankasulidwa konkuno ndipo nsalu zinkabwera pamitu ya anthu kuchokera kunyanja yamchere. Dzina lake linali Kanthungo. Sanali mfumu ya dziko lonse, koma mfumu ikafuna kupita kunkhondo inkayamba yafunsa iye. Anali ndi minyanga ya njovu, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndiponso mpata wa paphiri pomwe amalonda onse ankadutsa. Chimodzi chokha chinkamudya mumtima: ankaopa kuiwalika.

Mwambo wathu mukuudziwa. Munthu wotere akamwalira, amene amalowa dzina lake ndi mphwake, mwana wa mlongo wake. Kanthungo anali ndi mlongo mmodzi, ndipo mlongoyo anali ndi mwana wamwamuna mmodzi. Mwanayo anakula wodekha, anthu n'kumamukonda.

Tsiku lina Kanthungo anamva osula zitsulo akucheza pang'anjo. "Dzina lija lapeza kale mwini wake," anatero mmodzi. Mawuwo anamulasa. Iye anaona ngati akumuika m'manda akadali moyo. Choncho anapirikitsa mlongo wake pamodzi ndi mphwakeyo, nawaolotsa mtsinje.

Kenako anaika mwala pampata paja, nalamula kuti aliyense wodutsa aziponyapo mwala wake n'kutchula dzina la Kanthungo. "Mphwa amafa," iye anatero, "koma mwala suwola." Anthu anamvera, pakuti njira inali yokhayo. Mulu unakula mpaka kuposa nkhokwe.

Ukalamba sunaope mulu wa miyala. Maso anachita khungu, miyendo inakana, ndipo amene ankadya naye anayamba kudyera kwina. Pamenepo anatuma mthenga kutsidya kukaitana mphwake. Mthengayo anapeza mlongo uja atamwalira kale, ataikidwa pakati pa alendo. Mphwakeyo anali akupalira m'munda, ndipo khasu sanaliike pansi. Anangoti, "Mukawauze amalume kuti dzinalo alipatse miyala yawoyo. Ndiyo anaisankha."

Kanthungo anamwalira, ndipo dzina lake panalibe wolilowa. Ng'anjo zinazima. Mbumba inamwazikana.

Koma mulu uja sunasiye kukula. Mibadwo inadutsa, odutsa n'kumaponyabe mwala ndi kutchula dzina lija, monga momwe mwini wake anafunira. Mlendo wina anafunsa mayi amene ankaponyapo mwala kuti ankachitiranji zimenezo. Mayiyo anayankha kuti, "Apa panagona Kanthungo, uja anapirikitsa mlongo wake. Timamupsinja kuti asadzuke."

Ine ndatopa nayo nkhaniyi, abale anga. Ndaikamba pamaliro ambiri, ndipo anthu amagwedeza mitu n'kubwerera kukachita zomwezo. Ena mwa inu mwaumba kale njerwa za chiliza chanu, mwasankha ndi mawu odzalembapo, koma pakhomo pa mlongo wanu simunapondepo chikanganirane za munda. Akale anati chibale n'fupa, sichiwola. Inu mwakhulupirira simenti. Musavutike, dzina lanu lidzakumbukika, pakuti anthu saiwala msanga. Koma wodzaima pachilizapo n'kufotokozera ana kuti munali yani ndi mphwanu yemweyo, amene lero akudutsani panjira osakupatsani moni.