Muzu Womwewo, Kapu Yomweyo

Miyala inali itayamba kale kugwa pamalata, ana akulira m'katimo, wina panja akufunsa machesi. Sendera kuno, ndinene motsitsa, ana asamve. Dikira, ndiyambe poyambira.

Panali mayi wina wa ana awiri, Nangondo, amene anataya mwana wamng'ono. Mwanayo dzina lake Tionenji, anali atangoleka kuyamwa. Anatsegula m'mimba nthawi yotentha ija, mvula isanagwe. Mlamu wake wa Nangondo, Nasoko, ankadziwa muzu wina wowawa. M'dzinja anamwetsapo ana ambiri apamudzipo, onse anachira. Ndiye anakakumba pamtengo womwewo, nayeza ndi kapu yomweyo, namwetsa Tionenji. Mwana anasanza mpaka kuuma. Pofika kuchipatala anali atazizira.

Anthu anati Nasoko wathiramo poizoni. Nangondo nayenso anatero. Namwino anamulozera malo ena kutauni kumene amapima mankhwala a mitengo. Nangondo anatenga muzu wotsala, ndi kachidutswa ka m'dzinja kamene kanali kutsindwi kwa Nasoko, nakwera minibasi. Ankafuna umboni woti amangitse mlamu wakeyo.

Kumeneko mayi wina wovala zoyera anasinja mizu iwiriyo payokhapayokha, anaiviika m'madzi onunkha ngati kachasu, anasefa, nadonthezera m'makina. Nangondo anagonera kwa achibale, kudikira. Atamuitana, anamuonetsa mizere iwiri pagalasi la makinawo. Wa muzu wa m'dzinja unakwera pang'ono ngati chulu. Wa muzu umene mwana anamwa unakwera ngati phiri.

"Poizoni mulibemo, mayi. Ndi mankhwala omwewo, koma achuluka kwambiri. Mtengo suika mphamvu mofanana nthawi zonse, ndipo ndi maso simungaone."

Anafika kumudzi dzuwa lili paliwombo. Ndi pamene anapeza miyala ija, anthu akugenda nyumba ya Nasoko. Patsogolo panali mlongo wake weniweni wa Nangondo, chigubu cha petulo chili m'manja. Nangondo anayesa kuwauza za chulu ndi phiri. Mlongo wakeyo anaseka, nafunsa ngati makinawo anapimanso mtima wa mfiti. Anati achoke, anthuwo akubwezera imfa ya mwana wake yemwe.

Nangondo anazungulira kuseri kwa nyumbayo, anakankha zenera, natulutsa ana mmodzimmodzi, pomaliza Nasoko, magazi ali chuchuchu pachipumi. Anawathamangitsira m'nyumba mwake, momwe mphasa ya maliro inali isanayalulidwe. Anaima pakhomo.

"Achimwene, mwana ndinaika ndi wanga. Ngati n'kuotcha, yambani ine."

Palibe amene amaotcha nyumba ya mayi wofedwa. Anthuwo anaima pomwepo, miyala ili m'manja, osaponya, osachokanso.

Iwe mnzanga, wamva? Kapu imayeza madzi, siyeza mphamvu ya muzu. Mwana akadwala usadalire zoti chaka chatha zinatheka, thamanga naye kuchipatala. Ndipo zikavuta, usanaloze munthu chala, pita kaye kwa odziwa kupima. Mkwiyo nawonso amauthira ndi kapu yomweyo, osaona kuchuluka kwake.

Nangondo analowa, anakhoma chitseko, natsamiritsapo mtondo. Anawerenga mitu pogwira ndi dzanja. Nasoko. Ana a Nasoko atatu. Mwana wake wamkulu, ali pansi pa bedi. Onse analipo. Dzanja lokha linapitirira, kufufuza mutu wina waung'ono.